Mlimi akalowa m'nyumba ya malamulo amakhalabe mlimi? Za Jimmy Carter ku Georgia

Mwana_wa_Mlimi
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kwathu anthu akukakamiza tcheyamani wa kopaletivi yathu ya mtedza kuti adzaime pa uphungu. Akuti tatopa ndi anthu a m'tauni ongooneka nthawi ya kampeni, tikufuna mnzathu wodziwa kuwawa kwa khasu. Pamsonkhano mphunzitsi wina anati ngakhale Jimmy Carter anali mlimi wa mtedza asanalowe ndale. Kodi ndi zoona? Nanga atalowa m'nyumba ya malamulo ya kwawoko, alimi anawachitira chiyani? Ine ndimangomudziwa ngati pulezidenti wa America basi.

Chalimbana77
Musamuononge tcheyamani wanuyo. Akangolawa alawansi, khasu waliiwala.

AphunzitsiOpuma
Ndi zoona ndithu, koma tiyambe talongosola kuti inali nyumba ya malamulo iti, chifukwa ambiri amasokoneza. Carter sanakhalepo phungu ku Washington. Ku America chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya malamulo. Iyeyu anali senata (phungu wa senate, imodzi mwa nthambi ziwiri za nyumba ya malamuloyo) wa chigawo cha Georgia, woimira dera la nambala 14, kuyambira 1963 mpaka 1967, ndipo zokambirana zawo zinkachitikira ku Atlanta, likulu la chigawocho.

Anabadwa pa 1 Okutobala 1924 ku Plains, katauni kakang'ono m'boma la Sumter, ndipo anakulira pamunda wa bambo ake ku Archery. Ali kamwana ankagulitsa mtedza wowiritsa m'misewu ya ku Plains. Koma sanafune kukhala mlimi. Anapita kusukulu ya asilikali apamadzi ku Annapolis, anamaliza mu 1946, nkumagwira ntchito m'sitima zoyenda pansi pa nyanja. Chimene chinamubwezera kumudzi ndi imfa ya bambo ake, a Earl Carter, mu 1953. Ndipo chodabwitsa, bambo akewo anamwalira ali phungu wa nyumba ya malamulo ya Georgia yomweyo, atangosankhidwa chaka cha 1952. Ndiye mlimi wolowa ndale m'banjamo sanayambe ndi Jimmy.

Nachisale_Mchinji
Aphunzitsi, mukati mlimi mukunena mlimi wotani? Ngati ine wodzuka m'bandakucha kukapanga mizere, kapena uja amaima m'mbali mwa munda manja m'thumba nkumawerenga aganyu?

AphunzitsiOpuma
Mayi Nachisale mwafunsa funso lenileni. Bambo ake anali ndi munda wa maekala oposa 300 ku Archery, anali ndi sitolo, ndipo ambiri amene ankalima mindayo anali anthu akuda ogawana zokolola ndi mwini malo. Jimmy ankagwira nawo ntchito ali mwana, zimenezo nzoona, ndipo nyumba yawo inalibe magetsi mpaka 1938. Koma anali mwana wa bwana.

Kamwendo_ATL
Ndilowererepo poti ndimakhala ku Georgia kuno ndipo ku Plains ndinafikako. Zimene anthu ambiri sadziwa ndi zakuti ndalama za banja la Carter sizinachokere kumunda kwenikweni. Zinachokera kunyumba yosungira ndi kugulitsa mbewu, Carter's Warehouse. Ankagulitsa feteleza, laimu ndi mbewu ya mtedza yovomerezeka, ankagula mtedza kwa alimi, pambuyo pake anaika makina oswa mtedza ndi ochotsa njere m'thonje. Kunena mwachidule, anali wogulitsa zipangizo zaulimi komanso wogula zokolola nthawi imodzi.

Chiyambi chake sichinali chophweka ayi. Atasiya usilikali, iye, mkazi wake Rosalynn ndi ana awo atatu anakhala m'nyumba za boma za anthu opeza movutikira ku Plains komweko. Nyumbayo ilipobe. Mu 1954 kunagwa chilala choopsa, alimi analephera kubweza ngongole za feteleza, ndipo chaka chonsecho phindu lake silinakwane madola 300. Rosalynn sanafune n'komwe kubwerera kumudzi, anakwiya zedi, koma ndi iyeyo amene anaphunzira kusunga mabuku a ndalama nkumamuuza mwamuna wake mbali ya bizinesi imene ikupindula ndi imene ikudya ndalama.

Chalimbana77
Ndiye mwati anali venda. Venda wa sikelo anakhala senata, ife nkumati mlimi mnzathu.

Kamwendo_ATL
Achimwene, venda amabwera ndi sikelo mu Meyi, pofika Ogasiti wasowa. Uyu ankapereka feteleza pangongole nthawi yodzala nkudikira mpaka kukolola. Mlimi akagwa, nayenso amagwa. Chilala cha 1954 chinamuphunzitsa zimenezo.

Nachisale_Mchinji
Komabe sikelo inali m'manja mwake. Ine amene ali mbali inayo ya sikelo sindimamuwerengera kuti ndi mnzanga, ngakhale atandimwetulira bwanji. Chaka chatha wina anandigula mtedza wa CG7 wosankha bwino, wopanda chuku, pamtengo umodzimodzi ndi wa mnzanga amene anauwaza madzi kuti ulemere. Ndikadandaula akuti msika ndi womwewo mayi.

DadaWaKuKasungu
Zowaza madzizo ndi zimene zikutiphera msika wakunja. Chuku chimayamba pomwepo. Anthu amanyowetsa makoko kuti asavute kuswa, kenako nkuthira m'thumba usanaume.

Nachisale_Mchinji
Muwauze ogula azilipira mtedza wabwino mtengo wabwino, muone ngati wina adzawazenso madzi.

TiyeseZina
Ine ndinasiya kugulitsa wosaswa. Ndikupanga chiponde, mabotolo akutha pa sukulu pompano. Amene akufuna makina ang'onoang'ono andifunse.

Mwana_wa_Mlimi
Abale, za chiponde tikambirana tsiku lina. Ndikufuna ndimve mmene analowera ndale. Anangodzuka kuchokera m'nyumba ya mbewu nkupita ku Atlanta?

AphunzitsiOpuma
Ayi, ndipo apa ndi pamene tcheyamani wanu ayenera kutchera khutu. Kwa zaka zingapo Carter anali mu komiti yoyang'anira sukulu za boma la Sumter, mpaka anakhala wapampando. Analinso mu Lions Club, mu komiti ya chipatala, komanso anali dikoni ndi mphunzitsi wa Sande sukulu ku mpingo wa Baptist. Mu 1961 analimbikitsa zophatikiza sukulu zing'onozing'ono kuti ana aziphunzira bwino. Anthu anavota nkukana, ngakhale a ku Plains kwawo, chifukwa azungu ambiri ankaopa kuti imeneyo ndi njira yolowetsera ana akuda m'sukulu zawo. Kugonja kumeneko ndi kumene kunamukankhira ku ndale. Cholinga chake chachikulu popita ku senate chinali sukulu, osati mtedza.

Loya_Wamawa
Pali chinanso chimene chinamutsegulira khomo, ndipo popanda chimenechi bwenzi sitikumudziwa. Georgia inali ndi kavotedwe kachilendo pa zisankho zachipulula za chipani cha Democratic, chimene panthawiyo chinali ngati chipani chokhacho kumeneko. Sankawerenga mavoti a anthu onse pamodzi. Boma lililonse mwa maboma 159 linali ndi mavoti ake: maboma 8 akuluakulu mavoti 6, maboma 30 otsatira mavoti 4, ndipo 121 otsalawo mavoti 2. Boma la Fulton, kumene kuli Atlanta, linali ndi anthu oposa 550,000 koma mavoti 6. Boma la Echols, la anthu osakwana 2,000, mavoti 2. Ndiye maboma atatu a kumudzi ankafanana mphamvu ndi mzinda wonse wa Atlanta.

Mungaganize kuti zimenezi zinkakomera alimi. Zinkakomera mabwana a m'mabomamo, munthu mmodzi wogwira polisi, ntchito za boma ndi bokosi la mavoti. Mu 1962 Khothi Lalikulu la America linagamula mlandu wa Baker v. Carr, kunena kuti makhothi angathe kulowerera pa kagawidwe ka madera. Chaka chomwecho makhothi anathetsa kavotedwe ka mabomaka ku Georgia nkulamulanso kuti madera a nyumba ya malamulo adulidwe potengera chiwerengero cha anthu. Dera la 14 linali latsopano, lophatikiza maboma 7. Carter anaganiza zoima kutatsala masabata awiri okha kuti chisankho chichitike.

Chalimbana77
Masabata awiri? Kuno umayamba kugula mabokosi a maliro zaka zitatu chisankho chisanafike.

Kamwendo_ATL
Tsopano imvani za bokosi la ku Georgetown, chifukwa ndi pamene pali nkhani. Chisankho chachipulula chinachitika pa 16 Okutobala 1962. Wopikisana naye anali Homer Moore, wabizinesi ngati iye yemwe. M'boma laling'ono la Quitman munali bwana wina, Joe Hurst, amene ankafuna Moore. Pa malo ovotera a ku Georgetown, m'boma lomwelo, munalibe kachipinda kobisalira. Anthu ankachonga patebulo Hurst akuyang'ana, akuwauza woti amuvotere, ndipo nthawi zina ankapisa dzanja m'bokosi. Carter anachita kupita yekha nkuona ndi maso ake. Powerenga, anthu olembedwa kuti avota anali 333 koma mapepala m'bokosi anali oposa 400. Pamndandanda panali akufa, akaidi ndi anthu amene anasamuka kalekale, ndipo ena oposa 100 zinkaoneka kuti anavota motsatana ndi zilembo za maina awo, kuyambira A kupita kutsogolo. Carter anagonja ndi mavoti 139.

Sanavomere. Nyuzipepala za m'deralo zinkamutenga ngati wolira maliro a chisankho, koma mtolankhani John Pennington wa Atlanta Journal anapita nkuyamba kulemba. Maloya Warren Fortson ndi Charles Kirbo anamuimira. Iye ndi anzake anayenda khomo ndi khomo kutenga malumbiro a anthu onena kuti sanavote. Woweruza Carl Crow anataya mavoti onse a bokosi limenelo, ndipo Carter anatsogola. Mbali ya Moore inadandaulanso, khothi lina nkulamula kuti maina onse awiri afufutidwe pa mapepala a chisankho chachikulu cha mu Novembala, ovota alembe okha dzina la amene akumufuna. Carter anapeza 3,013, Moore 2,182.

MzikaYokwiya
Tipeksi wa ku America! Ndiye amatiphunzitsa chiyani anthu amenewa?

Loya_Wamawa
Kufanana kulipo ndithu ndi zathu za 2019. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi lathu linafafaniza chisankho cha pulezidenti, tinavotanso pa 23 Juni. M'nkhani zonse ziwiri chinagwira ntchito si kukuwa, koma mapepala, mboni zolumbira, ndi oweruza amene anakana kuopa. Kusiyana kwake, ku Quitman kunali bokosi limodzi ndipo nkhani inatha m'masabata atatu.

Mbuya_wa_Chipata
Ise kuno ku Zambia timamukumbukira bwino mdala ameneyu. Anabwera mu Okutobala 1991 kudzayang'anira masankho pamene a Kaunda analuza kwa a Chiluba. Ine nthawi ija n'nali kuganiza kuti mzungu uyu adziwa chani za kuba mavoti. Kansi anamubera kumunzi kwao, anali kudziwa bwino pomwe dzanja limalowera m'bokosi.

Kamwendo_ATL
Ambuya, iye mwini ankakonda kusimba kuti atafika ku senate, pokambirana zokonza malamulo a zisankho, senata mnzake Bobby Rowan anapereka ganizo lanthabwala loti munthu amene wamwalira zaka zoposa zitatu zapitazo asamaloledwe kuvota.

Chalimbana77
Zaka zitatu n'zochepa. Agogo anga ankakonda ndale, apatseniko zisanu.

Mwana_wa_Mlimi
Chabwino, wapambana. Nanga alimi anapindula chiyani? Funso langa lija silinayankhidwe.

AphunzitsiOpuma
Yankho lake mwina silikukondweretsani. Zimene amakumbukiridwa nazo pa zaka zinayizo si za ulimi. Analonjeza kuti aziwerenga bilu iliyonse asanavote, ndipo ataona kuchuluka kwake anakaphunzira kuwerenga mofulumira kuti asunge lonjezolo. Anagwira ntchito pa nkhani za maphunziro, za ndalama zopita m'sukulu, za kukonza malamulo a zisankho, ndipo anamenyera nkhondo koleji ya Georgia Southwestern ya ku Americus kuti izipereka maphunziro a zaka 4 m'malo mwa 2. Ankadana ndi mabilu okomera anthu ochepa olemera, zimene zinamudanitsa ndi anzake ena.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mtengo wa mtedza ndi kuchuluka kwa maekala amene mlimi ankaloledwa kulima zinkakonzedwa ndi boma la ku Washington, osati ku Atlanta. Senata wa chigawo analibe mphamvu pa mtengo. Chimene akanatha kuchitira mlimi ndi sukulu ya mwana wake, msewu, ndi voti yosabedwa.

Nachisale_Mchinji
Ndiye n'chimodzimodzi kuno. Phungu sakonza mtengo wa mtedza. Unduna umalengeza mtengo woyambira, mavenda nkumagula mmene afunira. Ngati mukumutuma tcheyamaniyo kuti akakweze mtengo, mudzamutukwana chaka chisanathe.

DadaWaKuKasungu
Koma amavota pa bajeti, mayi. Ndalama za alangizi, za ADMARC, za misewu ya kumidzi zimadutsa m'manja mwawo. Vuto ndi loti ambiri sawerenga chimene akuvotera. Ine pa nkhani yonseyi chandigwira mtima ndi cha kuwerenga bilu iliyonse. Tcheyamani wanuyo amawerenga malipoti a kopaletivi kapena amangosaina?

Mwana_wa_Mlimi
Amawerenga, ndipo amatopetsa nazo. Msonkhano wa ola limodzi umatha maola atatu.

DadaWaKuKasungu
Ameneyo ndiye wabwino.

MzikaYokwiya
Mukumuyeretsa kwambiri munthuyu. Tanenani za anthu akuda. Mwati ndi amene ankalima minda ya bambo ake. Iwowo ankavota? Senatayu anawalankhulirapo?

Kamwendo_ATL
Apa ndiye pali mbali ziwiri, ndipo zonse n'zoona. Bungwe la azungu lolimbana ndi kusakaniza mitundu, White Citizens' Council, litafika ku Plains, Carter anakana kulowa. Anzake anati amulipirira okha madola 5 olembetsera, iye anakanabe, ndipo makasitomala ena anasiya kugula kwa iye kwa kanthawi. Mu 1965 mpingo wake unavota zoletsa anthu akuda kulowa m'tchalitchi, mavoti 54 kwa 6, ndipo ambiri mwa 6 aja anali a banja lake.

Koma pagulu anali chete. Mu 1963, ali senata, ku Americus, likulu la boma lake lomwe, achinyamata anayi omenyera ufulu anaimbidwa mlandu woukira boma umene chilango chake chikanatha kukhala imfa. Atsikana akuda, ena a zaka 12 ndi 13, anatsekeredwa masabata ambiri m'ndende yakale ku Leesburg chifukwa chochita zionetsero. Senata wa deralo sanatsegule pakamwa. Pafupi pomwepo panali munda wa Koinonia wa Clarence Jordan, kumene azungu ndi akuda ankalima ndi kudyera pamodzi. Anthu anawanyanyala, anawaombera mfuti, anaphulitsa sitolo yawo. Carter sanaime nawo poyera. Chaka chomwe iye anasankhidwa, Leroy Johnson wa ku Atlanta anakhala munthu wakuda woyamba kulowa mu senate ya Georgia patapita zaka pafupifupi 90, ndiye sitinganene kuti nkhaniyi sankaiona.

MzikaYokwiya
Mwaona? Wandale ndi wandale.

AphunzitsiOpuma
Ine ndimaona kuti chimene tikumuyamikira ndi chomwecho chinamutseka pakamwa. Nyumba ya malamulo ya Georgia si ntchito ya chaka chonse. Amakumana masiku 40 okha pachaka kuyambira mu Januwale, nthawi yozizira pamene kumunda kulibe zambiri, kenako aliyense amabwerera kwawo. Carter ankabwerera kukagulitsa mbewu ndi feteleza. Ubwino wake, sanatalikirane ndi anthu, amene ankamuvotera ankamupeza pa sikelo tsiku lililonse. Kuipa kwake, chakudya cha ana ake chinali m'manja mwa alimi achizungu omwewo. Akanalankhula za ku Leesburg, bizinesi ikanatha, mpando ukanathanso. Sindikumuikira kumbuyo, atsikana aja anavutika iye ali phee. Ndikungonena kuti phungu wokhala pakati pa anthu ake amamva zowawa zawo, komanso amaopa mkwiyo wawo.

Loya_Wamawa
Ndipo sizinathere pomwepo. Mu 1966 anaima pa ubwanamkubwa nkukhala wachitatu, mpando unapita kwa Lester Maddox, munthu wodziwika ndi tsankho. Mu 1970 anaimanso, ndipo pofuna kugonjetsa Carl Sanders, bwanamkubwa wakale, anakopa dala mavoti a anthu okonda George Wallace, wandale wa tsankho wa ku Alabama. Atapambana, pa mwambo womulumbiritsa mu Januwale 1971, ananena poyera kuti nthawi ya tsankho yatha. Amene anamuvotera ena anaona ngati wawapusitsa. Pambuyo pake anapachika chithunzi cha Martin Luther King, womenyera ufulu wa anthu akuda, m'nyumba ya boma ku Atlanta. Ndiye mudziweruzire nokha ngati kumeneko kunali kuchenjera kapena chinyengo.

MzikaYokwiya
Chinyengo chothera pabwino ndi chinyengobe.

Mbuya_wa_Chipata
Mwana wanga, ukapeza wandale amene ananama kuti achite zabwino, umusunge. Ambiri amalonjeza zabwino kuti akachite zoipa.

TiyeseZina
Koma pambuyo pake ulimi sanauiwale. Pulogalamu ya Sasakawa Global 2000 imene anayambitsa mu 1986 pamodzi ndi katswiri wa zaulimi Norman Borlaug ndi mpondamatiki wa ku Japan Ryoichi Sasakawa inafika kuno. Kudzala chimanga chimodzi paphando anthu mpaka lero amati sasakawa.

DadaWaKuKasungu
Eya, 25 sentimita phando ndi phando, mizere 75. Bambo anga ankakana kuti n'kuononga nthawi, mpaka anaona munda wa aneba.

Nachisale_Mchinji
Sasakawa wopanda feteleza ndi masewera. Ndipo zimenezo anachita atachoka pa upulezidenti, osati ali senata. Tisasakanize.

Chalimbana77
Funso langa ndi limodzi. Nanga bizinesi ya mtedza ija inatha bwanji iye ali kalikiliki ndi ndale?

Kamwendo_ATL
Ali senata inkayenda bwino, chifukwa Rosalynn anali pa mabuku ndipo iye ankabwerako. Mng'ono wake Billy ndi amene anadzaitenga pamene ndale zinakula. Atakhala pulezidenti mu 1977 anaipereka m'manja mwa loya wake uja Charles Kirbo kuti asamadziwe za kayendetsedwe kake, poopa kuti anthu anganene kuti akukonza malamulo a ulimi mokomera thumba lake. Pobwerera ku Plains mu 1981, atagonja kwa Ronald Reagan, anapeza ili ndi ngongole yoposa madola 1 miliyoni, chilala chitathandizirapo. Anaigulitsa kwa kampani ya Archer Daniels Midland. Minda anaisunga, ndipo anakhala m'nyumba yomwe anamanga mu 1961 mpaka anamwalira pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 100.

Nachisale_Mchinji
Apa ndiye pofunika kumvetsa, a Mwana_wa_Mlimi. Inu mukuganiza za Lilongwe, ine ndikuganiza za kopaletivi. Nyumba yathu ya malamulo si ya masiku 40, ndipo makomiti amawadyera nthawi chaka chonse. Tcheyamani akapita, mabuku agwira ndani? Makiyi a nyumba yosungira mbewu akhala ndi ndani? Ndipo ndalama za kampeni zichokera kuti, ngati si m'matumba a mtedza wanu womwewo?

Mwana_wa_Mlimi
Msungichuma wathu ndi mayi wina wolimba kwambiri, sangatulutse kobiri popanda masiginecha atatu. Za ndalama za kampeni sitinakambirane.

Chalimbana77
Kambiranani musanasoketse nsalu za chipani. Ndipo mulembe m'malamulo a kopaletivi kuti tsiku lopereka mapepala ku MEC ndi tsiku lomwelo lotula pansi utcheyamani.